Fandango

Mawuwa anabwera nawo amalume a Khoviwa
m'thumba la jekete yoyera ya uwetala,
pamodzi ndi zitsekerero za mabotolo
ndi timapepala ta shuga ta ku kalabu ya esiteti.
Sanatiuze tanthauzo lake. Ifenso sitinafunse.

Tsiku lija mbuzi ya a Mulipa inalowa m'tchalitchi ulaliki uli mkati,
akulu ampingo atatu n'kumaipirikitsa pakati pa mabenchi,
amalume anaima pakhomo, chipewa kumanja,
n'kunena chapansipansi: "Fandango ameneyu."
Basi, mawu anagwira nthaka ngati phesi la chinangwa.

Minibasi ikafera pa chitunda cha ku Thunga,
kondakitala n'kukana kubweza ndalama: fandango.
Sikelo ya kapitawo ikadya makilo awiri a tiyi,
othyola n'kutula madengu pansi, manja m'chiuno: fandango.
Akazi awiri atakumana pa maliro a mwamuna mmodzi,
aliyense ndi mpango wake wakuda,
ameneyo tinamutcha fandango wa chaka.
Mayi ankangoti, "Za fandango m'nyumba muno ayi,"
ife zii, ngati taponderezedwa ndi mwala.

Ndinali folomu 3 ku Luchenza
pomwe ndinawapeza mu dikishonale yopanda chikuto,
pa tsamba lomwe chiswe chinalawa n'kulisiya:
gule wa ku Sipeni, wothamanga, wa anthu awiri,
gitala, zidendene,
ndi timatabwa togogoda m'zikhatho
ngati mano a munthu wa malungo.
M'munsi mwake, tanthauzo lina: chipwirikiti chopanda mutu.

Ndinawapeza pakhonde akusola nandolo,
miyendo yotupa atayisanjika pa mpando.
"Amalume, ndi gule ujatu! Si ndewu ayi!"
Sanadzutse mutu.

"Ukuuza ine?
Kunabwera mzungu wokonza makina oumitsira tiyi,
mkazi wake wa tsitsi lakuda bii.
Loweruka lina anakankhira matebulo kukhoma,
nakweza diresi mpaka m'mawondo.
Pansi pa matabwa paja panalankhula, mphwanga.
Gu! Gugugu! Gu!
Bwana wamkulu anafiira makutu,
mawu aja n'kuwalavula ngati fupa la usipa.
Ine ndili chiimire ndi thireyi, matambula asanu ndi atatu.
Mapazi angawa sanandipemphe chilolezo.
Anamva tchopa, anayankha tchopa.
Matambula onse phwaa!
Anandidula malipiro miyezi itatu.
Ndiye tandiuza iwe wa sukulu,
gule ndi mlandu zimasiyana pati?"

Ndinawathandiza kusola nandolo mpaka mdima.

Tinawaika mu Febuluwale, mvula ili pakati.
Nkhungu inatsika kuchokera m'minda ya tiyi,
dothi lofiira lasanduka sopo.
Adzukulu anaterereka, woyamba kugwira wachiwiri,
wachiwiri kugwira abusa,
bokosi likupita uku, likubwerera uku,
masitepe atatu kutsogolo, awiri kumbuyo,
nsapato ya a Mulipa n'kutsala m'matope.

Sindikudziwa amene ananong'ona.
Mwina mayi. Amakana mpaka lero.
Koma mawu aja anayenda mzere wonse wa amayi a Mvano,
nyimbo inathyoka pakati pa ndime yachiwiri,
ndipo tinaseka, misozi ndi mvula kumaso,
tinaseka mpaka kugwirana mapewa,
abusa akuyang'ana kumwamba,
akuluma mlomo.