Zimbale za Amalume Anselmo

Amalume Anselmo sanandisiyire nyumba.
Anandisiyira makatoni atatu a zimbale
m'kachipinda ka pamwamba, ku Porto kuno,
komwe mvula imagogoda zenera ngati wodzatenga ngongole.

Cha jazi chija, chimene onse amachigwadira,
ndachimvetsera ndikusenda mbatatesi.
Lipenga likulira, ine mtima uli zii.
Ndachita manyazi ngati wofika pamaliro maso ali gwa.

China n'cha anyamata a tsitsi lofika m'mapewa,
magitala okukuta ngati sitima pokhota.
Dona Ermelinda wa pansipa wagunda denga ndi tsache.
Ndakweza.

Koma cha fado, chachikuto chong'ambika,
chili ndi chipsera pa nyimbo yachitatu:
mayi woimbayo amafika pa liwu limodzi,
nabwerera, nabwerera,
mpaka wina akankhe singano.

Apa amalume ankadzuka pampando,
nyuzipepala ili m'manja,
chala chimodzi, basi, mayiyo n'kupitiriza.
Lero ndamusiya abwereze kasanu ndi kawiri,
khutu lili kukhomo.

Mbatatesi zapserera.
Lipenga lija ndiliyesanso mawa.