Kuchokera ku Boroma Kukafika ku Zobwe

Tinanyamuka ku Tete nkhuku zisanatsike,
ine ndi mlamu Jenoveva, mu chapa ya mipando yong'ambika.
Ku Boroma tchalitchi chakhala pachitunda
ngati munthu woiwala chimene anadzera,
chikuyang'ana Zambezi akudutsa osapereka moni.

M'kati munkanunkha mileme ndi laimu wakale.
Angelo a pakhoma anasuluka nkhope,
koma mmodzi anatsala ndi diso limodzi
ndipo linandiperekeza mpaka pakhomo.
Jenoveva anagwada. Ine ndinawerenga ming'alu.

Masana tinaoloka mlatho,
fumbi la malasha a ku Moatize likutidetsa makolala,
kenaka msewu unayamba kukwera,
milambe ikutsalira m'mbuyo umodziumodzi,
mphepo n'kuzizira ngati madzi a mumtsuko.

Ku Zobwe, m'tsinde mwa phiri,
Alifandika ankasema pansi pa mpapa,
zipalapala zitamukwirira zala zakumapazi.
Ndinaloza mngelo wosamalizika.
"Nkhope yake sindinakumane nayo," anatero.
Ndinamusiyira mametikali mazana atatu.

Usiku potsika, mngelo ali pamiyendo panga,
wopanda maso,
Jenoveva akuwodzera paphewa langa,
chala changa chinkafufuza pamtengopo
pamene diso lija likanakhala.