Makumi Asanu Pakhomo

Loweruka ndikaweruka ku ulonda
ndimavula yunifolomu kuseri kwa geti ku Parkhurst,
takisi ziwiri, kutsika pa Rosettenville.
Kumbuyo kwa shopu ya matayala kuli holo
yomwe Lamulungu imasanduka tchalitchi.
Usiku uno ndi ya Matchona Asanu.

Asanu n'dzina chabe, atsala anayi.
Wa kiyibodi anam'gwira pa Park Station mu Epulo,
anam'kweza basi yobwerera kwawo ku Balaka.
Kiyibodi yake ili pakona, yofunditsidwa chitenje
ngati wodwala malungo.

Esnati wakhala pakhomo ndi chitini cha mabisiketi.
Marandi makumi asanu, achimwene.
Ndikudziwa: ameneyu ndi sopo wa amayi ku Ntcheu,
ndi makope awiri a mwana wanga.
Ndaponyamo. Pepala silichita phokoso.

Pambuyo panga Maliseni akunyengerera:
Si anzathu omwe awa? Tilipirenji?
Yemweyu chaka chatha anataya malipiro a sabata
kukaona woimba wakunja pa sitediyamu,
kutali, wochepa ngati nyerere.
Esnati wangom'yang'ana. Walowabe, chammbali.

Twaibu masana amawotcherera mageti ku Fordsburg,
zala zake n'zipsera zokhazokha,
koma zikagwira nsambo za gitala
zimayenda ngati sizinaonepo moto.
Lufeyo amatsuka magalimoto.
Ng'oma yake yaing'ono anaimanga ndi waya wa hang'ala,
ndipo amaimenya mosaimvera chisoni.
Sipika yakumanzere ili ndi chifuwa.
Sindinama, nyimbo yachiwiri aiphonya,
ayambiranso, taseka, taombabe m'manja.

Yachinayi ili pakati, thii! magetsi.
Mdima wa Joni wagwa m'holo monse.
Wina watukwana m'Chizulu.
Koma Lufeyo sanaleke,
ng'oma siidya magetsi,
ndipo mafoni ayaka, imodzi, zitatu, khumi,
mpaka taona thukuta pamphumi pa Twaibu
akuimba za pasipoti yotha masiku,
za foni yolira mbandakucha
yomwe umaopa kuyankha.
Mayi wa ku Maputo wogulitsa chimanga panja
walowa, mawu sakuwamva,
koma chiuno chake chamva zonse.

Itakwana leveni tanyamula masipika kukakweza pabaki.
Esnati wakhuthula chitini pampando:
anthu makumi awiri ndi atatu.
Mwini holo watenga mazana asanu ndi atatu.
Zotsalazo azigawa pasanu,
gawo lachisanu m'envulopu, lopita ku Balaka.
Makumi asanu ndi awiri aliyense.
Zingwe zatsopano za gitala sizikwanira.

Ndikumanga jekete, chisanu cha Juni chikuluma makutu,
ndamva ngwe! ngwe! ngwe!
Maliseni waima pa chitini chopanda kanthu,
akukhuthula thumba, makobiri a takisi yomwe,
nkhope atayang'ana kukhoma.

Tiyenda wapansi mpaka ku Turffontein.
Iye akuimba mluzu, molakwitsa,
nyimbo ija ya pasipoti.