Akanapatsa Asiyatu

Magetsi anazima ngwazi ili m'malere,
dzanja lake litachirikiza nyumba yosanja imene inkagwa,
ndipo tonse m'chisakasa cha kanema pa Mpondabwino
tinakuwa ngati atibera.
Mwini malo anati ndalama sizibwezedwa.
Tinatuluka tikuphethira, dzuwa la Okutobala lili pamutu.

Asiyatu sanadandaule.
Iye amajambula maukwati ndi zinkhoswe,
ine ndimamunyamulira miyendo ya kamera
ndi batire lomanga ndi mphira.
Anagula chinangwa chootcha, n'kuchibenthula,
n'kunena ali chitafunire:
Amene anatsogolera filimuyi waitaya nkhani.
Akanandipatsa ine.

Iwe ukanatani?

Choyamba, chovala chija.
Munthu wovala zothina choncho
sangadutse pa depoti osakuwizidwa.
Wanga akanavala jekete ya pa kaunjika, zipi yake yakufa,
ndipo nsalu yakumsana ikanakhala chitenje
chimene mayi ake akuchifunafuna chiyambire Lachiwiri.

Sakanauluka msanga ayi.
Ola lathunthu ndikanamuyendetsa pansi,
kuchoka ku Chinamwali mpaka ku chipatala chachikulu,
fumbi lifike m'mawondo,
kuti woonera amve kuwawa kwa chidendene.
Wouluka asanatope ndi wabodza.

Nanga chilombo chochokera ku nyenyezi chija?

Anaseka mpaka kutsamwa.
Likangala akadzaza usiku wa Febuluwale,
n'kulowa m'nyumba osagogoda,
ukufunanso chilombo china?
Kapena wakatapila uja wa ku Matawale
amene amawerenga malata a nyumba yako
pamene iwe ukumupatsa moni.

Taona, nyumba makumi anayi zagwa mmuja,
palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti munali ndani.
Ine kamera ndikanaisiya pa mayi wosesa magalasi osweka,
osaichotsa,
mpaka amalize,
mpaka apeze nsapato imodzi ya mwana
n'kuiika pakhonde mwina mwini abwera.

Mphamvu ndikanamusiyira zonse.
Minibasi akanainyamula ndi mkono umodzi.
Koma anthu akwathu ukuwadziwa:
akanamutuma mitolo ya nkhuni yotsika kuphiri,
bokosi la maliro mvula itadula mlatho,
matumba a fetereza a alamu ake,
ndipo pomaliza akanati mwana uyu ngokhwima,
akulu a mpingo n'kumuitanitsa Lachinayi masana.
Iye akanakhala pabenchi, manja pakati pa mawondo,
manja omwewo opinda njanji.

Ndiye kuuluka kulibe?

Kamodzi kokha, kumapeto,
m'mawa nkhungu itafunda phiri,
popanda ng'oma kapena malipenga.
Ndipo iyeyo sindikanamujambula.
Ndikanajambula ana ogulitsa mabulosi pa msewu wa Ku Chawe,
makosi atapinda, pakamwa pali yasa,
mbale zitapendekeka,
mabulosi akugubuduka kutsetsereka phula
popanda wowatola.

Ndinati anyamata a m'chisakasa muja akanagona,
ena akanafuna ndalama zawo.
Anandiyang'ana, n'kupukuta zala pa siketi.
Ndalama sizibwezedwa, anatero.

Foni yake inalira.
Ukwati wa Loweruka ku Sadzi:
akuchimuna akufuna mkwatibwi aoneke akutsika m'mitambo,
nkhunda ziwiri zikumuzungulira.
Zitheka, anayankha Asiyatu,
koma muwonjezere zikwi zisanu, mitambo njodula.

Kumbuyo kwathu magetsi anayaka.
Tinamva chisakasa chonse chikuomba m'manja,
ndiye kuti nyumba ija waigwira.
Ife sitinabwerere.
Asiyatu anali atapanga kabokosi ndi zala zinayi,
diso limodzi atatsinzina,
akutsatira mnyamata wa kabaza
amene ankakankha njinga pachitunda cha kumsika,
matumba atatu a makala ali pakaliyala,
mitsempha ya m'khosi ili gwa.