Usanafike

Akuti Loweruka ndi pamene udzachoke ku Hatfield,
m'katoni ya nsapato yoboolaboola,
pamiyendo panga, mu kombi ya ku Mufakose.
Lero ndi Lachiwiri, chinkhwe iwe,
koma khola lako laima kale pabalaza
ngati mlendo wolawirira paukwati.

Ndalipanga ndekha ndi waya wa ku Magaba,
wosapaka utoto, poti akuti umatafuna chilichonse.
Loyamba ndinaphwasula.
Ndinayeza thupi, n'kuiwala mchira,
ndipo mnyamata wogulitsa anaseka pafoni:
Madala, mbalame imeneyo theka lake ndi mchira,
ikamatembenuka isakhudze waya.
Zaka makumi atatu ndikuwotcherera zitseko za anthu,
lero nthenga yandiphunzitsa kuyeza.

Ndadula nthambi ziwiri za gwafa, yonenepa ndi yoonda,
kuti zala zako zisatope ndi kagwiridwe kamodzi.
Ndazitsuka, zikuuma padenga.
Mtengo wa mapeyala uli kuseri,
uja anabzala Nasibeko chaka cha chilala,
akuti chipatso chake kwa iwe ndi poizoni.
Sindiudula ayi.
Tingopangana kuti zenera ilo lizikhala lotseka.

Ku Mbare ndagula mawere, mapira, mpendadzuwa pang'ono,
mayi wogulitsa n'kundifunsa ngati ndayamba kufulula mowa.
Madzi a khonsolo, akabwera, amabwera ofiira.
Ako ndizikatunga kumjigo mbandakucha,
pamzere wa zigubu, pakati pa ana a sukulu.
Magetsi akathima mbaula iziyakira panja.
Chifuwa changa chinazolowera utsi,
chako n'chongofanana ndi chala changa chachikulu.

Mayi Chikomba a nyumba yoyandikana ndawauza kale za phokoso.
Ati bola lisapose la wailesi yanga.
Mphaka wawo sananene kanthu.
Wakhala pampanda, akuwerenga mawaya.

Akuti udzandiluma, miyezi yoyambirira, mpaka magazi,
ndipo ndisakuwe, ndisachotse dzanja mwaukali.
Ndalera ana anayi, zimenezo ndikuzidziwa.
Akutinso mkanda wa m'khosi suoneka msanga,
zaka ziwiri, mwina zitatu,
ukakhala wamkazi suoneka n'komwe.
Ndiye za dzina ndayamba ndaziika pambali.
Udzafika wobiriwira, wopanda chitupa,
monga anatsikira sitima bambo anga mumzinda uno,
osadziwa kuti anthu adzawatcha ndani.

Ruvimbo, mdzukulu wanga, wandifunsa m'Chishona
kuti uzidzayankhula chiyani.
Iye akufuna uzidzalira ngati foni.
Sindinamuyankhe.
Koma usiku, onse akagona,
ndimakokera mpando pafupi ndi khola lopanda kanthu
n'kumayeserera chapansipansi:
Odi. Mwadzuka bwanji. Zikomo.
Chimwalirireni Nasibeko mawu amenewa
amangogunda khoma n'kugwa.
Ana amamva ndithu, koma amayankha m'chinenero china,
mwaulemu wonse,
ngati wam'sitolo wobweza chenji m'ndalama za dziko lina.

Pali chimodzi chimene mnyamata uja ananena mothamanga:
umakhala zaka makumi awiri,
kupitirira apo ukasamalidwa bwino.
Ndinawerengera pazala ndili mu kombi,
kuyambira pa zaka zangazi.
Tisanafike pa Kambuzuma ndinaleka,
ndinaika manja m'thumba.

Ndiye mwina tsiku lina, m'nyumba ya Ruvimbo,
ku Kuwadzana kapena kutsidya kwa nyanja zazikulu,
munthu adzagogoda pakhomo,
iwe udzapendeketsa mutu, diso limodzi kuchitseko,
n'kunena ndi mawu anga, ndi kachifuwa kanga komwe:
Lowani.
Ana ake adzasiya kudya,
adzafunsa kuti mbalameyo ikuti chiyani.
Sindikudziwa ngati iye adzakumbukire.

Chitseko cha khola chikulira ndikamatsegula.
Mawa ndidontheza mafuta ophikira, osati girisi.
Kaloko nakonso sindinagule.
Akuti umayang'anitsitsa dzanja la munthu masiku atatu,
lachinayi n'kutsegula wekha.