Nkhodolero

Ndimalemba zikwangwani ku Mchesi,
kuseri kwa amisiri a mabedi ndi makabati,
komwe utuchi umagwera mu penti
n'kuumira momwemo.
Chingerezi changa n'chapamsewu.
Ndinachitola m'maminibasi, m'malisiti, pa zitini za mafuta,
ndipo chimandidyetsa.

Koma ndili ndi mlongo wanga, Lekeleni,
wa ku Kapitolo, wa zidindo ndi mafayilo,
amene maso ake ndi sefa.
Akatsika pa depoti saona anthu,
saona nthochi, saona matope a mu Malangalanga,
amaona zilembo zanga basi.
Posakhalitsa foni m'thumba mwanga yanjenjemera:
chithunzi chagwa m'gulu la abale,
atachizunguliza ndi chofiira
ngati chipere.

"Achimwene, kankhodolero aka kakutani apa?
Matimatiwo angochuluka, alibe chawo.
Mwakapachika ngati ntchentche pa diresi la mkwatibwi."

Azakhali a ku Kawale atumiza nkhope yoseka.
Msuweni wa ku Joni watumiza zisanu.

Lachiwiri anandigwira pa saluni ya ku Biwi,
akuti r wanga wakhalira mpando wa l.
Lachinayi, pa golosale ya a Chadzunda,
akuti chiganizo changa ndi kabaza wopanda mabuleki,
chapitirira mpatuliro, chapitirira mpumiro,
chikagwera mu mtsinje wa Lingadzi.
Ndinayankha kuti mwini wake analipira,
anthu akulowa, ndalama ikulira m'dirowa,
ndipo palibe anabwezapo sopo
chifukwa cha kadontho.

Ndinayankha choncho, inde.
Koma kutada ndinabwereka makwerero,
kaburashi kuseri kwa khutu, tochi kukamwa,
ndinakapha ntchentche ija mwakachetechete
agalu a eni ake akundiuwa.

Zaka zitatu, abale.
Zaka zitatu ndikumeza malovu.

Ndiye sabata yatha, chinkhoswe cha mwana wake chitayandikira,
mutu utamuzungulira ndi za matenti ndi mipando,
analemba mothamanga, m'chinenero cha amayi athu:
"Musaiwale ngoma ziwiri Loweruka.
Ndikudalira inu, ndinu mbale wanga."

Ndinawerenga ndili pamwamba pa makwerero.
Ndinatsika pang'onopang'ono.
Ndinasamba m'manja ndi parafini,
ndinakhala pa chitini, ndinapinda mwendo,
chala chikunjenjemera ngati cha mkwati posaina.

"Achemwali," ndinatero,
"ngoma zili ku nkhalango ya Kasungu,
zili ndi nyanga zopotana, ndipo alonda ali ndi mfuti.
Ng'oma zoimba ndiye ndingazipeze.
Komanso ine sindine mbale.
Sindinagonepo pa thandala,
sananditsukepo ndi phulusa,
ndiwo sizinandikhalepo pamimba.
Ntchentche munandiphetsa pa matimati ija
mukanaisunga, lero ikanakuthandizani
kusandutsa mbale kukhala m'bale"

Gulu lonse linaphulika.
Azakhali anatumiza mawu okhaokha a chifuwa ndi misozi.
Wa ku Joni anafunsa ngati ngomazo zifunika chiphaso.
Ngakhale amalume, amene chilowereni sanalembepo kanthu,
anatumiza chithunzi cha supuni.

Lekeleni, zii.
Pamwamba pa foni: akulemba.
Wasiya.
Akulemba.
Penti inauma pa burashi ndikudikira.
Dzuwa linapendekera ku Likuni.
Kenaka mawu awiri okha:

"Mwaiwala mpumiro."

Ndinabwerera kukayang'ana. Zoona.
Chiganizo changa chachipambano
chinaima pakhomo chopanda nsapato.

Loweruka ndinakweza ng'oma ziwiri pa njinga yamoto,
imodzi pamsana, ina pamiyendo.
Pachikopa cha yaikuluyo, m'mphepete,
ndinali nditajambula kankhodolero kofiira,
kakang'ono, kopindika bwino, kopanda chitonzo.
Anakaona. Sanaseke pomwepo.
Anandigawira mpunga wosefukira,
nkhuku ntchafu ziwiri,
n'kundinong'oneza m'khutu:
"Idyani, mbale yanga."