Mukoka Chiyani?

Loweruka, m'mvula ya ku Halifax
ija yosamveka padenga koma yolowa m'mafupa,
ndinaima pabwalo la Bambo Barraclough
pakati pa magalimoto atatu aatali misana,
manja m'thumba ngati wodziwa.

Mkuluyo sanafunse za ndalama.
Anapukuta magalasi ndi tayi, nati:
"Mukoka chiyani?"

Ndinati ngolo.
Anati ngolo ndi zitsulo chabe,
nanga m'katimo?

Ndinayamba kupinda zala:
mafiliji awiri a mlamu wa ku Mchinji,
njinga khumi ndi zinayi zotola pamsika wa Lamulungu,
makina osokera a Tayamika,
migolo yabuluu yodzaza nsapato za ana a eni,
mpando wa matayala wa amalume,
zonse zothamangira kontena ku Leeds
mwezi ukamatha.
Zala zinatha, katundu asanathe.

Yoyamba inali ya petulo, lita imodzi ndi theka,
yonyezimira ngati nsapato ya mkwati.
Imamwa pang'ono, anatero,
koma pa chitunda cha Pellon, ngolo ili kumbuyo,
idzalira ngati mbuzi yopita kumsika
ndipo kalachi adzanunkha musanafike pa sitolo ya buledi.

Yachitatu, malita atatu a dizilo,
atailiza, chifuwa changa chinayankha.
Ndinadziona ndikufika kutchalitchi,
Chikhadzula atatsamwa ndi nsanje pakhomo.
Koma Nasimango anandiponda chala,
foni ili m'manja, akuwonkhetsa:
inshuwalansi, msonkho wa pamsewu,
mafuta opitira ku ntchito ya usiku
kumene ndimatembenuza nkhalamba za eni pabedi.
"Ngolo mumakoka tsiku limodzi pamwezi," anatero.
"Masiku enawo njovuyi idzadya kwa yani?"

Apo mkulu uja anatsegula chitseko cha yapakati,
malita awiri, dizilo, utoto wa phulusa,
nagwada pansi ponyowa
kundionetsa kachitsulo kokhomedwa pamphuthu.
Manambala anayi.
"Musamvere kukula kwa mawu ake.
Apa yalemba yokha zimene ingathe.
Mukachotsa iyi pa iyo, mwapeza matani awiri.
Koma musaidzaze mpaka pakamwa,
isiyireni mpata wopumira,
poti kukwera n'kosavuta,
mlandu uli potsika, ngolo ikafuna kukhala patsogolo."

Ndinayang'ana kachitsuloko nthawi yaitali.
Zaka khumi ndi zitatu kuno
sindinaonepo wanena malire ake
mopanda manyazi chotere.
Ine foni ikalira pakati pa usiku
ndimangoti chabwino, tiona,
ngakhale singano ya kutentha ili pofiira.

Tinagula yapakatiyo.
Ndinasaina dzanja likunjenjemera pang'ono,
Nasimango akufunsabe za matayala.

Kumapeto a mwezi tinapita pa sikelo
kuseri kwa bwalo la zitsulo zakutha.
Mtsikana wa pawindo anandipatsa kapepala:
ndapyola ndi makilogalamu zana ndi makumi anayi.
Ndinazungulira ngolo kawiri.
Kenaka ndinamasula lamba,
ndinatsitsa filiji imodzi ya mlamu
ndi mgolo umene sindinkakumbuka mwini wake.

Ndinamuimbira pomwepo, mvula ikulowa m'khosi.
"Alamu, ibwera imodzi. Inayo mwezi wa mawa,
kapena winawo."
Kunali zii.
Ndinamva tambala wa ku Mchinji kumbuyo kwake,
kenaka: "Aa, palibe kanthu,
inayo n'nalibe n'poika pomwe."

Pa chitunda ndinatsitsa giya.
Injini inang'ung'udza pansipansi
ngati bambo amene sakufuna kudzutsa ana,
singano ili phee pakati.
M'galasi ngolo inkatsatira mwaulemu,
njinga zikugwedezera mitu,
nkhosa za m'mbali mwa mpanda wa miyala
osadzutsa n'komwe nkhope.

Nasimango anasenda nthochi,
nandipatsa theka.